Likhweru la Sipanala

1. Patebulo lachitsulo

Kampata sanalire. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene anthu a mumsewu wawo anakamba sabata yonse. Mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, galu wake walumidwa iye akuona, magazi ali mbwee pa yunifolomu, koma mwini wake maso ali gwa ngati munthu wodikira basi.

Dzina loti Kampata anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa cha mpata umene unali pakati pa mano ake akutsogolo. Galu wakeyo anali Sokosi, kagalu kakuda ka mapazi oyera, kosafika ndi m'bondo momwe. Amene anakaluma anali Injini, chigalu cha nyumba yoyandikana nayo.

Linali Lolemba, ndipo bambo ake anali atangofika ndi galimoto yawo yogawira buledi m'masitolo. Sanaizimitse n'komwe. Anakhuthula katoni imodzi, kuyalamo thaulo, kuikamo Sokosi, ulendo kwa dokotala wa ziweto. Kampata anakhala kutsogolo, katoni ili pamiyendo. Njira yonse ankangowerenga mapolo a magetsi.

Dokotalayo anali mkulu wa imvi, wa magalasi omangirira ndi kachingwe. Anagoneka Sokosi patebulo lachitsulo, kumubaya jakisoni, kumeta ubweya wa paphewa ndi pakhosi, n'kuyamba kusoka.

"Gwira apa," anauza Kampata. Iye anagwira. "Siya." Anasiya. Akanamuuza kuti agwire khoma, akanaligwira.

Bambo ake ankangoyendayenda m'kachipindamo, makiyi akulira m'manja.

"Adokotala, chigalu chimenecho chiphedwe basi! Lero chaluma galu, mawa chiluma mwana. Khoma lalitali kuposa ine, icho kudumpha ngati mzere wa choko! Kalata yodandaula ndilembere kuti? Tandiuzani."

Dokotala sanatukule mutu mpaka anamanga mfundo yomaliza. Kenako anasamba m'manja, n'kuyankha pang'onopang'ono.

"Bambo, kalatayo lembani, ndi ufulu wanu, ndipo ifikira patebulo langa lomweli. Lachinayi masana ndibwera kudzamuona galuyo. Akakhala woti amangolusa popanda chomuputa, ndidzamutenga ndipo sadzabwereranso. Ntchito imeneyo sindiikonda, koma ndimaigwira. Komatu ine ndakalambira pa agalu. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi kuseri kwa khoma osalidumpha, tsiku limene walidumpha ndiye kuti chilipo chamudumphitsa. Jakisoni wanga akalowa sabwerera m'mbuyo. Choncho amene anaona kapena kumva kanthu, anene nthawi ikadalipo."

Anatembenukira kwa Kampata. "Unalipo ndiwe. Chinachitika n'chiyani?"

"Anangotulukira," Kampata anayankha. Mawu ake anali ngati a mwana wowerenga za pabolodi.

Dokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, koma sanamufunsenso.

"Chabwino. Kagaluka kagone m'nyumba masiku khumi. Kasathamange, kasakande bala, ulusi ungaduke. Ndipo umvetse ichi. Galu akalumidwa, bala la pakhungu limapola msanga, koma la m'khutu limachedwa. Phokoso limene anamva nthawi imene ankalumidwa adzaliopa kwa nthawi yaitali, kaya ndi hutala, kaya ndi belu la njinga."

Kampata anangogwedeza mutu, n'kunyamula katoni yake.

2. Mwini likhweru

Kuti mumvetse chimene Kampata anameza m'kachipinda kaja, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

M'nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala mayi wamasiye wosoka zovala. Msewu wonse unkangowatcha Mayi Telala. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mnyamata wamkulu wokonza njinga zamoto, amene anzake ankamutcha Sipanala. Injini anali galu wa Sipanala. Anamutola ali kamwana kuseri kwa galaja, ndipo dzinalo linabwera chifukwa cha mkonono wake.

Sipanala sankaitana galu wake ndi dzina. Anali ndi likhweru lakelake: kawiri mofupika, kamodzi motalika, kumapeto n'kukweza. Fwi, fwi, fwiiyo! Akaliimba ali pangodya ya msewu pochokera kuntchito, Injini ankagwetsa chilichonse chimene chinali panjira yake pothamangira kugeti.

Ana ambiri anayesa kutsanzira likhwerulo, koma ankangotulutsa malovu. Kampata yekha ndiye analitha, chifukwa cha mpata uja. Tsiku limenelo Sipanala anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe mlongo wanga, mano akowo usadzakawatseketse ayi. Ndi chida chimenecho!"

Chaka chatha Sipanala anadwala sabata ziwiri zokha, n'kumwalira. Injini anakhala masiku asanu ndi atatu osadya, mphuno ili pansi pa geti.

Patapita mwezi, Kampata akupita kusitolo, anaimba likhweru lija mosaganiza. Kuseri kwa khoma kunamveka chiphokoso, zitini kugubuduka, galu kulira ngati munthu. Tsiku lomwelo Mayi Telala anamuitana, n'kumukhazika pampando wa makasitomala pafupi ndi makina osokera.

"Mwanawe, sindinakuitane kuti ndikukalipire. Likhweru limenelo anakuphunzitsa ndi mchimwene wako, ndipo ndikudziwa kuti sunaliimbe mwachipongwe. Koma tamvera. Iwe ndi ine tinapita kumanda, tinaona bokosi likutsika. Galu uyu sanapiteko, ndipo palibe angamuuze. Kwa iye mbuye wake wangochedwa kuntchito. Ukaimba likhwerulo ukumunamiza, ndipo galu sadziwa kuti padziko pano pali bodza. Tsiku lina adzathyola geti kapena kudumpha khoma, ndipo akadzapeza kuti palibe munthu, mkwiyo wake adzauthira pa chilichonse chimene chili pafupi. Uziimba nyimbo zina zonse, mpatawo uli nawo. Koma ili lokha lisiye, ligone ndi mwini wake. Wandimva?"

"Ndamva, mayi."

Anamvadi. Koma kumva kwa ana mukukudziwa inu eni ake, kumathera pageti. Atapatsidwa Sokosi miyezi ingapo pambuyo pake, Kampata ankapita naye kubwalo la mpira, kutali ndi nyumba, n'kumamuphunzitsa likhweru lomwelo. Akaimba, Sokosi n'kubwera, ankamupatsa kachidutswa ka buledi. Ankati kutaliko palibe akumva. Mumsewu wawo sanaliimbeponso mpaka Lolemba lija.

3. Mapazi khumi

Tsiku limenelo anali atakhala pa sitepe ya pakhomo, asanavule yunifolomu, akupukuta nsapato za kusukulu. Geti lawo linali lotsegula podikira galimoto ya bambo ake. Sokosi anatuluka n'kukanunkhiza m'munsi mwa khoma la Mayi Telala.

"Sokosi!"

Kagalu kanagwedeza mchira osacheuka.

"Sokosi, bwera kuno iwe!"

Ayi ndithu.

Kuchoka pa sitepe kukafika pamene panali kagaluko anali mapazi khumi. Khumi okha! Koma m'dzanja limodzi munali nsapato, m'dzanja lina bulashi, ndipo kudzuka kunamulemera. Anaika lilime kuseri kwa mpata uja.

Fwi, fwi, fwiiyo!

Anamva ndi agalu awiri. Sokosi anatembenuka n'kuyamba kuthamangira kwa mbuye wake. Kuseri kwa khoma, Injini anakwera pa matayala akale amene Sipanala anasiya atasanja, n'kugwera mumsewu. Anayang'ana pangodya, palibe munthu. Anayang'ana kumtunda, palibe munthu. Chimene anaona ndi kagalu kachilendo kakuthamangira likhweru la mbuye wake.

Zotsatira zake sindizifotokoza zonse, si zokoma. Woyamba kufika anali Mayi Telala. Anathira Injini madzi a m'ndowa n'kumukoka ndi lamba wa m'khosi mpaka anataya kagaluko. Nthawi yonseyo Kampata anali chiimire, bulashi ili m'manja. Anakaizindikira ali kwa dokotala kuti akadaigwira.

4. Tiyi wopanda kukoma

Lachiwiri m'mawa, asananyamuke, bambo ake analemba kalata ija patebulo la pabalaza. Anaiwerenga mokweza kuti onse amve.

"Galu wolusa amene anadumpha khoma popanda chomuputa. Si choncho, Kampata?"

"Eya."

Bambowo anapinda kalatayo n'kuika m'thumba la malaya. Kampata anamwa tiyi wake yense. Akanakhala madzi otsukira mbale sakanasiyanitsa.

Kusukulu aphunzitsi a masamu anamufunsa funso. Anaimirira, kuyang'ana bolodi, n'kukhalanso pansi. Kalasi inaseka, iye osaona choseketsa. Nthawi yopuma anzake anamuzungulira kuti awafotokozere mmene zinakhalira. Ana asukulu nkhani ya magazi amaikonda ngati maswiti. Iye anangoti, "Anangotulukira," ndipo anabalalika atakhumudwa.

Akaweruka ankapita molunjika kukhitchini. Katoni ya Sokosi inali kuseri kwa chitseko, pafupi ndi tsache. Kagaluko kankanjenjemera ngakhale kunkatentha. Kampata ankakamwetsa mkaka ndi supuni, kukapatsa mankhwala pa nthawi yake, kusintha thaulo. Sanaiwale ngakhale chimodzi mwa zimene dokotala ananena. Sokosi ankanyambita chala chake, iye n'kumangochiyang'ana chalacho ngati ndi cha munthu wina.

Kunja, msewu unali utaweruza kale mlandu. Azimayi awiri anakatenga nsalu zawo kwa Mayi Telala zisanasokedwe, amvekere sangamalowe pakhomo pa chilombo. Ana amene ankasewera ndi Injini kuyambira ali kamwana anayamba kugenda geti ndi miyala. Mwini sitolo ya pangodya, amene sanaone chilichonse, ankafotokozera aliyense wodzagula sopo mmene anaonera zonse. Anthu inu, pakamwa!

Injini anali atamangidwa ndi unyolo. Sankauwa. Nthawi zina unyolowo unkangomveka ukukhulika pa simenti, kenako zii.

Mayi ake a Kampata anaima pakhomo la khitchini, akumuyang'ana mwana wawo atagwada pa katoni.

"Mwana uyu akundiopsa," anauza amuna awo. "Bola akanalira. Masiku awiri tsopano, ngakhale dontho."

"Musiyeni, ndi mantha," bambowo anayankha. "Chigalu chija chikachoka, amasuka."

Kampata anamva zonsezo. Anatsuka supuni, kuipukuta, n'kuibwezera m'kabati.

5. Kamalaya ka zingwe zinayi

Lachitatu masana kunamveka odi pakhomo. Anali Mayi Telala, dzanja lamanja lili ndi bandeji pamene lamba wa Injini anawacheka. Mayi ake a Kampata anawalandira ndi ulemu wouma, wa munthu amene sakudziwa pokuika.

"Sindikhalitsa," Mayi Telala anatero. "Ndabweretsa aka."

Kanali kamalaya ka galu, kosokedwa ndi zidutswa za nsalu yofewa, ka zingwe zinayi. Anati kaphimba bala kuti Sokosi asalikande. Mayi ake a Kampata anati akaanule zovala mvula ingagwe, chikhalirecho kumwamba kunalibe ndi mtambo womwe.

Mayi Telala anagwada pa katoni. Ndi dzanja limodzi sakanatha kumanga, ndiye Kampata anamanga zingwezo iwo akumuuza polowetsa. Atamaliza, mayiwo sanadzuke.

"Lolemba lija makina ankalira, koma ndinamva," anatero motsitsa mawu.

Manja a Kampata anauma pa kamalayako.

"Usaope. Sindinauze munthu, ndipo sindiuza. Ndikanena ine, anthu ati mayi uja akukankhira mlandu kwa mwana kuti apulumutse galu wake. Ena ati maliro amupengetsa, akumva anthu akufa akuimba malikhweru. Koma pali chimene ndikufuna udziwe. Si Injini yekha amene anathamanga. Inenso ndinathamanga. Ndinagwetsa sizasi, kutuluka opanda nsapato, pakamwa pali dzina la mwana wanga. Munthu wamkulu ine, amene ndinaona ndi maso anga bokosi likutsika! Ndiye galu ndimudzudzule kuti chiyani?"

Kampata ankangoyang'ana zingwe.

"Mawa akamutenga ndidzalira, kenako ndidzatonthola. Ndinaika kale m'manda woposa galu. Amene ndikumudera nkhawa ndiwe. Chinthu chobisa sichikhala phee m'mimba, mwanawe. Chimayamba n'kukulanda kukoma kwa chakudya, kenako tulo, kenako kuseka. Ukadzafika msinkhu wanga udzakumana ndi anthu ouma nkhope, n'kumadabwa kuti anatani. Ambiri a iwo anameza kanthu ali ana, sikanatsike. N'zoona, pepani sapoletsa chilonda. Koma kukhala chete ndiye kumachiwoletsa. Ine sindikukakamiza, mlomo ndi wako."

Anagwira khoma n'kudzuka, mawondo akulira.

"Zikomo chifukwa cha kamalaya, mayi," Kampata anatero.

Ndi zokhazo zimene ananena. Mayi Telala anamuyang'ana pang'ono, n'kutuluka.

6. Lamba wa m'khosi

Lachinayi masana dokotala anafika pa galimoto ya khola lachitsulo kumbuyo. Bambo ake a Kampata anali atagawa buledi mwachangu kuti asaphonye. Anthu anadzaza pageti la Mayi Telala, ena atakwera pa njinga zawo kuti aone bwino. Kampata anaima kumbuyo kwa bambo ake.

Injini anali atagona pafupi ndi mtengo woyanikira zovala, mbale ya chakudya ili chidzazire pambali pake. Dokotala anamuyang'ana m'maso, m'kamwa, m'makutu. Galuyo sanatukule n'komwe mutu. Kenako dokotala anawerenga khadi ya katemera.

"Katemera ali bwino. Koma kalata iyi ikuti anadumpha popanda chomuputa. Mayi, mukudziwapo chimene chinamudumphitsa?"

Mayi Telala anayang'ana pansi. "Sindingathe kunena, adokotala."

"Alipo wina amene angathe?"

Mwini sitolo, wa pakamwa uja, anayamba kukanda chigongono.

Dokotala anapumira m'mwamba. "Msewu uno uli ndi ana aang'ono ambiri. Galu wodumpha khoma ine osadziwa chifukwa chake, sindingamusiye." Anapita kukatsegula khola.

"Ndipempheko chimodzi," Mayi Telala anatero. "Lamba uyu atsale. Anamudula mwana wanga pa lamba wake wa thalauza, mabowowa anaboola yekha ndi msomali. Mumumange ndi chingwe china."

Anagwada n'kuyamba kumasula lambayo ndi dzanja limodzi. Zinkawakanika. Injini ananyambita bandeji ija.

"Ndinaimba likhweru."

Palibe anamva. Mawu a Kampata anatuluka ngati mpweya.

"Ndinaimba likhweru!"

Tsopano onse anacheuka. Bambo ake anachita tsinya. "Likhweru lanji iwe? Pita kunyumba."

Kampata sanasunthe. Anafotokoza zonse ndi mawu omwe aja a pabolodi, osakweza, osatsitsa. Ananena za malemu Sipanala ndi likhweru lake, za chenjezo la Mayi Telala, za kubwalo la mpira, za nsapato ndi bulashi.

"Anali mapazi khumi, bambo. Ndinachita ulesi kudzuka."

Bambo ake anagwedeza mutu. "Adokotala, musamumvere. Mwanayu akungowamvera chisoni mayiwa. Galu angadumphe khoma lonseli chifukwa cha likhweru la mwana?"

"Kutsimikiza n'kosavuta," dokotala anayankha. "Unyolo ndi wolimba. Iwe, tuluka ukaime kunja kwa khoma, pamene galuyu sakukuona. Ukaimbe kamodzi kokha. Mayi, mundikhululukire, ndikudziwa kuti likupwetekani."

Mayi Telala anavomera ndi mutu.

"Sokosi amva," Kampata anatero.

"Sokosi ali kukhitchini, chitseko n'chotseka," bambo ake anayankha. "Wayamba wekha, maliza."

Anthu anamupatsa njira. Anakaima m'munsi mwa khoma, pamene Sokosi ankanunkhiza Lolemba lija. Milomo inali itauma. Anayesa koyamba, kunangotuluka mpweya. Kachiwiri, chimodzimodzi. Mwana wina anaseka, wina n'kumutsina. Kampata ananyowetsa milomo, n'kuika lilime kuseri kwa mpata.

Fwi, fwi, fwiiyo!

Galu amene wakhala masiku atatu osadya anadzambatuka ngati wapsa. Mbale inagubuduka. Anakoka unyolo mpaka mtengo woyanikira zovala unapendekeka. Koma sanaonetse mano, sanauwe. Mchira unkagwedezeka mpaka chiuno chonse, maso ali pageti, akulira kulira kwa mwana amene waona mayi ake akutsika basi. Anadikira. Pageti panali anthu ambirimbiri, koma amene ankamufunayo panalibe. Mchira unayamba kutsika pang'onopang'ono, mpaka unagwa.

Mayi Telala anaphimba nkhope ndi nsalu ya paphewa. Palibe anasekanso.

Kunja kwa khoma Kampata sanaone zimenezi, anangomva kulirako. Anakhala pansi m'fumbi, ndipo misozi ya masiku anayi inabwera nthawi imodzi. Analira mokweza, kukamwa kuli yasa, mpata wonse uli poyera.

Dokotala anatseka khola lake, n'kudikira mpaka mtsikanayo anabwerera.

"Galu uyu si wolusa, ndi wamaliro. Sindimutenga. Koma matayala awo achoke lero lomwe, ndipo khoma liwonjezedwe mizere itatu. Tsono iwe mtsikana, tamvera, ndi anzako onse ali pagetiwo amve. Wachita bwino kunena, koma usaganize kuti wachita chodabwitsa. Wangobweza chimene unatenga. Ukanachedwa mphindi zisanu, bwenzi ukuyenda ndi galu wakufa pamsana moyo wako wonse. Akulu akakuletsa kanthu, si kuti amadana ndi kusewera kwako. Amakhala ataona kumene msewu ukupita, iwe ukuona pamene wapondapo pokha. Ndipo chiweto si choseweretsa. Chimakhulupirira mawu ako kuposa mmene umawakhulupirira iwe mwini. Likhweru limenelo lathera pano."

Anabweza kalata ija kwa mwini wake. Bambo ake a Kampata anaiyang'ana, kuipinda kanayi, n'kuvula chipewa.

"Mayi, ndathamanga magazi. Mundikhululukire. Matayalawo ndichotsa ndine, ndipo njerwa za khoma ndibweretsa pa galimoto Loweruka."

"Inunso munachita zimene kholo limachita," Mayi Telala anayankha, akubwezera lamba pa bowo lake.

Bambowo anagwira phewa la mwana wawo. "Ife tikakambirana kunyumba," anatero. Mawuwo anali olemera, koma dzanjalo silinali lolemera.

7. Katoni

Pageti lawo anapeza mayi ake a Kampata ataima ndi beseni la zovala. Nawonso anali atatuluka kudzaonerera.

"Chitseko cha kukhitchini munatseka?" bambowo anafunsa.

"Cha kuseri ndinatsegula pang'ono, fungo la mankhwala lichoke. Bwanji kodi?"

Kampata sanadikire yankho. Anadutsa pabalaza, kugunda mpando, n'kulowa kukhitchini.

Katoni inali itagwera cham'mbali. Mbale ya mkaka inali itatayika, thaulo lili pakati pa chipinda. Pamsomali wa m'munsi mwa chitseko panali patakodwa chingwe chimodzi cha kamalaya kaja. Pa simenti panali kadontho kofiira, patsogolo pake kena, patsogolo pake kenanso.

Kampata anatsatira madonthowo ndi maso. Miyezi isanu yathunthu anamuphunzitsa Sokosi kuti akamva likhweru lija azibwera kwa iye. Akanabwera, madonthowo akanazungulira nyumba n'kulowera kugeti, kupita kukhoma kumene iye anaima. Koma sanapite kumeneko. Anatsika sitepe ya kuseri, kudutsa pa mpopi, kulowa pansi pa waya wa mpanda, n'kulunjika ku kanjira kotulukira ku msewu waukulu, kumene magalimoto sapatsana mpata. Bala la m'khutu limene ananena dokotala lija linali likhweru lomwelo.

"Wathawa," mayi ake anatero, atagwira pakamwa. "Mayo ine, wathawa ndi bala lonse lija!"

"Sokosi!" Kampata anafuula. "Sokosi!"

Kunali zii, kupatula mahutala a kutali.

Lilime lake linapita lokha kuseri kwa mpata uja. Analigwira ndi mano. Kenako anavula nsapato za kusukulu, kukweza waya wa mpanda, n'kuyamba kuthamanga. Ulendo uno sanawerenge mapazi.